Kujambula mapiri a ku Dedza m'nyengo yachisanu: nkhungu, mphepo ndi kamera

Mpweya wa ku Dedza suyera chaka chonse. Mvula ikaleka mu Epulo, pamakhala miyezi itatu yokha yomwe fumbi limakhala lisanadzuke ndipo tchire lisanayambe kupsa. Nthawi imeneyi munthu ukaima pamtunda maso amafika kutali zedi, mpaka mizere ya mapiri a ku Angonia m'dziko la Mozambique imaoneka umodziumodzi. Ikafika Ogasiti anyamata amayamba kutentha tchire posaka mbewa, alimi nawo akusosa ndi kuwotcha mapesi, ndipo pofika Okutobala thambo limangoti mbuu, phiri lapafupi pomwepa n'kumaoneka mwachimbuuzi.

Choncho kwa munthu wofuna kujambula mapiri, madambo ndi zigwa, nthawi yake ndi Meyi, Juni ndi Julayi. Koma walira mvula walira matope. Miyezi yomweyi ndi imene chisanu chimaluma, mphepo n'kumaomba osapumira. Ziwirizi sizinangokumana mwangozi ayi. Mpweya womwe umatizizira ndi womwewonso umatsuka thambo, umayala nkhungu m'madambo ndi kuvundikira nsonga za mapiri. Amene wamvetsa kayendedwe kake amadziwiratu madzulo komwe akaime m'mawa, ndipo nzeru imeneyi imabala zithunzi zabwino kuposa kamera yodula.

Kuzizira kwa kuno kumayambira pa kukwera kwa malo. Boma la Dedza lili pa mamita pafupifupi 1,600 kuchokera pomwe yalekezera nyanja yamchere, ndipo m'Malawi muno mulibe tawuni ina yokwera kuposa apa. Nsonga ya phiri la Dedza ili pa mamita 2,198. Munthu akakwera mamita 1,000, mpweya umazizira ndi madigiri 6 kapena kuposerapo pang'ono. Nyanja ya Malawi ili pa mamita osafika 500. Ndiye kuti pomwe anthu a m'mbali mwa nyanja ku Mtakataka akuyenda ndi malaya okha, pa boma kwatsika kale ndi madigiri pafupifupi 7, ndipo pamwamba paphiri, pomwe pali nsanja za wailesi ndi mafoni, kwatsikanso ndi ena 4. Usiku wa Juni ndi Julayi si chachilendo pa boma kutsika pansi pa madigiri 10.

Mphepo nayo ili ndi kwawo. Miyezi imeneyi kummwera kwa Africa ndi panyanja ya India pamakhazikika mpweya wolemera, womwe umakankhira mphepo kuno kuchokera kummwera chakum'mawa. Kunyanja mphepoyi ndi mwera uja a nthambi yoona za nyengo amachenjeza nawo asodzi. Ikabwera itasenza chinyontho cha m'nyanja ya India n'kugunda mapiri, imakakamizika kukwera, imazizira, chinyontho chija n'kusanduka mitambo yotsika ndi mvula yamawawa. Ameneyo ndiye chiperoni, yemwe anatengera dzina ku phiri la Chiperone m'chigawo cha Zambezia ku Mozambique. Amavuta kwambiri ku Mulanje, Thyolo ndi Blantyre, koma akakula mphamvu amafika m'mapiri a Kirk, ku Tsangano, ku Bembeke mpaka pa boma la Dedza, n'kukhalapo masiku angapo.

Nkhungu ya m'dambo ndi nkhungu ya paphiri

Ojambula ambiri akamva zoti ku Dedza kuli nkhungu amangonyamuka, osadziwa kuti nkhunguyo ili pawiri ndipo iliyonse imafuna zake.

Yoyamba imabadwa usiku wabata. Mukaona madzulo mphepo yadeka, kumwamba kulibe mtambo, nyenyezi zili ngwee, dziwani kuti usiku umenewo kuzizira kwambiri. Nthaka imataya kutentha kwake popanda chotchinga kumwamba, mpweya wapansi umazizira n'kulemera, kenaka umatsetsereka m'mapiri kukadikha m'madambo monga achitira madzi a mvula. Kumeneko umapeza chinyontho cha m'madimba ndi m'mitsinje, nkhungu n'kuyalana. Alimi a mbatata ya kachewere ndi tomato ku Bembeke ndi ku Tsangano amaudziwa bwino usiku wotere, chifukwa ndi womwe chisanu chimawaula mbewu kudimba pomwe minda ya kumtunda ili bwinobwino. Ngati mwagona kwa mlimi, mufunseni madzulo ngati akuopera mbewu zake. Yankho lake ndi lodalirika kuposa zomwe foni ingakuuzeni za dambo limenelo.

M'mawa wotere wojambula ayenera kukhala pamwamba pa nkhungu. Sipafunika kufika pansonga ya phiri. Chitunda chokwera mamita 100 okha pamwamba pa dambo chimakwanira, mwinanso chimaposa nsonga, chifukwa mukakwera kwambiri zinthu zapansi zimachepa n'kusowa mawonekedwe. Pachitunda chotere mumaona nsonga za mitengo ya bulugamu zitatulukira pamwamba pa nkhungu, denga la tchalitchi, miyala ikuluikulu, ndi utsi wa m'makhitchini ukuyenda chogona m'malo mokwera, popeza mpweya wapamwamba ndi wofundirapo kuposa wapansi. Dzuwa likangogunda dambo nkhungu imayamba kuphwasuka, ndipo pakatha ola limodzi kapena awiri yatha. Kwa ine, palibe chithunzi cha Dedza choposa cha mphindi zochepa zimene kuwala koyamba kwakhudza pamwamba pa nkhungu pomwe pansi pake pakadali mdima.

Ya chiperoni ndi ina. Imabwera ndi mphepo, imakhala pamwamba, ndipo siichoka chifukwa choti kwacha. Kukwera phiri tsiku lotere n'cholinga choona kutali n'kutaya nthawi, komanso n'kuika moyo pachiswe, chifukwa njira imasowa pamaso pomwepa ndipo miyala imaterera. Koma si tsiku logona. M'nkhalango ya paini m'munsi mwa phiri la Dedza, nkhunguyi imalekanitsa mitengo: wapafupi umada, wotsatira umatuwa, wakutali n'kuzimirira, ndipo chithunzi chimakhala ndi kuya komwe tsiku ladzuwa silingapereke. Pamenepa kamera imanyengeka. Imaona kuyera konseko n'kuganiza kuti kwawala kwambiri, choncho imadetsa chithunzi, nkhungu yoyera n'kutuluka yotuwa. Muyenera kuiwonjezera kuwala ndi sitepe imodzi, pa +1, ndipo pafoni mumangokhudza sikirini n'kukokera kadzuwa kaja m'mwamba.

Tsiku lomwe chiperoni akuchoka musaliphonye. Mitambo imang'ambika, dzuwa limabooleza m'mipata n'kumayenda pamapiri, ndipo mpweya umakhala utatsukika. Tsiku lotere ndi loyenera msewu wa Khwekhwelere, uja umatsika kuchokera ku Masasa kupita ku Golomoti. Pamakona ake akumtunda chigwa chonse chimaoneka, milambe ya kumunsi, ndi nyanja kutsogolo. Galimoto ikani pamalo otakasuka, osati pakona penipeni, chifukwa oyendetsa otsika ndi katundu sakuonani msanga.

Dzuwa silidikira

Mu Juni dzuwa limatuluka itangopitirira 6 koloko ndipo limalowa isanakwane 5:30 madzulo. Malangizo ambiri a paintaneti analembedwa ndi anthu a ku Ulaya ndi ku America, komwe dzuwa la nyengo yozizira limayenda chotsika tsiku lonse. Kuno tili pafupi ndi mzere wa pakati pa dziko lapansi (equator), dzuwa limakwera chowongoka, ndipo kuwala kofewa kofiirira kuja sikukhalitsa. Kuchokera m'bandakucha mpaka dzuwa kutuluka ndi mphindi zoposa pang'ono 20. Mukamatsegula chikwama dzuwa litatuluka kale, mwachedwa. Malo oima muwapeze dzulo lake masana, kuti m'mawa mungofikira kuimika kamera.

Chinanso chomwe ambiri sachilabadira n'chakuti miyezi imeneyi dzuwa limadzera kumpoto. Limatulukira kum'mawa chakumpoto, ndipo ngakhale masana silifika paliwombo. Mbali za mapiri zoyang'ana kummwera zimakhala mumthunzi nthawi yaitali, n'chifukwa chake mame sauma msanga kumeneko. Phiri la Dedza lili kumpoto kwa tawuni, ndiye mukalijambula masana muli pa boma mumakhala mukuyang'anizana ndi dzuwa, phiri n'kutuluka lakuda. Dikirani madzulo kuti kuwala kulimenye cham'mbali, makwinya ake aoneke.

Mphepo ndi zida

Mdani wamkulu wa chithunzi ku Dedza ndi kugwedezeka. M'bandakucha kuwala kumakhala kochepa, shutter, kachitseko kolowetsa kuwala m'kamera, imatseguka nthawi yaitali, ndipo kamphepo kakang'ono kamakwanira kuwononga zonse. Pasikirini ya kamera chithunzi chimaoneka chakuthwa, koma mukakachitsegula pakompyuta mumapeza mitengo yonse ili pawiripawiri.

Tripod, choimikira kamera cha miyendo itatu, imathandiza ngati mwaiimika bwino. Musatambasule miyendo yonse. Yambani ndi zigawo zonenepa, zowonda zija zisiyeni mkati, ndipo ndodo yapakati isakwere n'komwe, chifukwa ndi imene imanjenjemera kwambiri. Tangadzani miyendo, umodzi uloze komwe mphepo ikupita, ndipo muiponderere m'dothi kuti isakhale pamwamba pa udzu. Lamba wa kamera muchotseni kapena mumukulunge, popeza akamakupiza amagwedeza kamera yonse. Ena amapachika chikwama pansi pa tripod kuti ilemere. Zimenezi zimagwira ntchito pokhapokha chikwamacho chikukhudza pansi, chifukwa chikamalendewera mphepo imachiyendetsa uku ndi uku, vuto n'kukula. Kenaka imani mbali yomwe mphepo ikuchokera, thupi lanu litchinge, tcherani kamera kuti ijambule pakatha masekondi 2 mutachotsa dzanja, ndipo dikirani. Mphepo ya paphiri imabwera mwamafunde, ndipo mumaiona ikubwera pa udzu wa tsekera usanakufikeni. Jambulani pakati pa mafundewo.

Wopanda tripod asadandaule. Mwala waukulu sugwedezeka ndi mphepo iliyonse, ndipo ku Dedza miyala ndi mbwee. Ikani chipewa kapena juzi pamwala, kamera kapena foni pamwamba pake.

Ngati mukufuna udzu ndi masamba ziime nji, shutter ikhale pa 1/500 ya sekondi kapena kuposa, bowo la lenzi pa f/8, ndipo musaope kukweza ISO, mphamvu yomwe kamera imakolera kuwala, mpaka 800 kapena 1600. Timadontho ta ISO timachotseka pokonza, koma chithunzi chogwedezeka chilibe mankhwala. Komabe ndimaona kuti ojambula athu amalimbana kwambiri ndi mphepo m'malo moionetsa. Miyala itaima chilili, tsekera wofiirira akuwerama mbali imodzi pa shutter ya theka la sekondi, woona chithunzicho amaimva mphepo ya Julayi pakhungu.

Batire limafooka likazizira, chifukwa mankhwala a mkati mwake amagwira ntchito pang'onopang'ono. Kuzizira kwa kuno sikupha batire latsopano, koma la foni yakale limatha kutsika mwadzidzidzi mpaka foni kuzima. Lapadera lisungeni m'thumba lamkati, pafupi ndi thupi, ndipo lomwe lafooka mukalifunditsa limabwezako mphamvu. Tchajani zonse masana magetsi alipo, osadikira usiku.

Chinyontho chimabwera kawiri. Panja m'bandakucha galasi la lenzi limazizira kuposa mpweya, mame n'kumatera. Chipewa cha lenzi chimachepetsa vutoli, ndipo kansalu kopukutira kakhale kouma m'thumba. Kachiwiri ndi pobwerera. Mukalowa ndi kamera yozizira m'nyumba yofunda, makamaka momwe muli moto ndi ketulo ikuwira, nthunzi imatera paliponse, mkati mwa lenzi momwe. Chinyontho chimenechi chikamabwerezabwereza chimameretsa nguwi pagalasi lamkati, ndipo kuichotsa n'kodula. Musanalowe, ikani kamera mu jumbo, mangani pakamwa, muisiye kwa ola limodzi kuti ifunde pang'onopang'ono. Kusintha lenzi pamphepo pewani, ndipo ngati palibe kuchitira mwina, fulatirani mphepo, kamera iloze pansi.

Thupi la wojambula

Kujambula malo ndi ntchito yoima malo amodzi, ndipo apa ndi pomwe chisanu chimapezera munthu. Pokwera phiri, ulendo wa maola awiri kapena kuposa kuchokera pa boma, mumatuluka thukuta. Mukafika n'kuima pamphepo malaya ali chinyowere, thupi limataya kutentha mofulumira kwambiri. Munthu amatha kudwala nako kuzizira koopsa ngakhale madzi asanaundane, bola anyowe ndipo mphepo imuombe. Zizindikiro zake ndi kunjenjemera kosaletseka, zala kukanika kugwira mabatani, kulankhula mododa ndi kusokonezeka mutu. Mnzanu akafika pamenepa, zithunzi zatha. Mubiseni kumphepo, mumuvule zonyowa, mumufunditse, mumupatse chakumwa chotentha chotsekemera, mutsike naye.

Zovala zingapo zopyapyala zimaposa chijasi chimodzi chachikulu, chifukwa mumavula pokwera n'kuvala mukaima. Yapamwamba ikhale jekete yosalowa mphepo, ndipo pakaunjika zimapezeka. Malaya a thonje amasunga thukuta, choncho nyamulani ena ouma osinthira pamwamba. Chipewa chofika m'makutu, magolovesi opyapyala, fulasiki ya tiyi ndi mbatata yophika ndi zida za ntchitoyi mofanana ndi lenzi. Mukakwera njinga yamoto ya kabaza m'mamawa, mphepo ya liwiro imawonjezera kuzizira, ndiye valani zonse musanakwere. Mowa, kaya ndi kachasu, umangonamiza: umatsegula mitsempha ya pakhungu, munthu n'kumva kufunda pomwe thupi likutaya kutentha.

Ziwiri izi ndikuzinena motsindika. Musagone ndi mbaula yamakala m'chipinda chotseka, ngakhale kuzizire bwanji, chifukwa mpweya wake sununkha ndipo umapha munthu ali m'tulo. Ndipo musakoleze moto woti muwothe m'nkhalango. Masamba ouma a paini ndi mphepo ya Julayi sizichedwa kunyeketsa phiri lonse.

Malo ali ndi eni ake

Mukayang'ana midzi ya Achewa muli pamtunda, muona timagulu ta mitengo yachilengedwe tatsala tobiriwira pakati pa minda yoyera. Pachithunzi timakongola kwambiri, koma kawirikawiri amenewo ndi manda, ndipo ena ndi madambwe. Kuwajambula muli kutali ngati mbali ya dera lonse palibe vuto, koma kulowamo kapena kuimika tripod m'mphepete mwake popanda chilolezo ndi mlandu. Nyengo ino, anthu atakolola, ndi yomwe gule wamkulu amatuluka kawirikawiri. Mukakumana naye panjira, patukani, kamera itsike. Mukafika m'mudzi wachilendo, yambani mwaonekera kwa a nyakwawa, munene chomwe mwadzera, ndipo mupemphe munthu wokuperekezani n'kumupatsa kangachepe. Amayi osenza nkhuni kapena abambo a kudimba akalowa m'chithunzi chanu moti nkhope ikudziwika, apatseni moni, mupemphe, ndipo akakana musaumirire. Paphiri la Dedza ndi m'nkhalango zina zotetezedwa, dziwitsani a zankhalango musanakwere usiku.

Ku Chongoni ulemu umenewu umakula. Derali lili ndi malo 127 a zojambula zapamiyala, ndipo bungwe la UNESCO linaliika pamndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 2006. Zofiira zinajambulidwa ndi Akafula, anthu osaka nyama omwe ankakhala kuno kalekale, pomwe zoyera ndi za Achewa ndipo zimakhudza chinamwali ndi nyau. Malo monga Chentcherere, Namzeze ndi Mphunzi ndi omwe alendo amafikako. Tsiku la chiperoni ndi labwino kwambiri kumeneko, chifukwa kuwala kwa mitambo kulibe mithunzi yakuthwa ndipo utoto wofiira umaoneka bwino pamwala. Pali anthu omwe amawaza madzi pazojambulazi kuti ziwale pachithunzi. Khalidwe limeneli limasukulutsa utoto womwe wakhala zaka mazanamazana, ndipo palibe chithunzi chingalipire zimenezo. Ngakhale kukhudza ndi chala n'kosayenera.

Kumbukiraninso malire. Pakati pa Dedza ndi Ntcheu, monga pa Lizulu, msewu wa M1 umayenda m'malire enieni, moti mukaoloka kupita kumadzulo kukafuna poima pabwino mwalowa m'dziko la Mozambique. Anthu a pamalopo amaoloka tsiku ndi tsiku, koma mlendo wonyamula kamera yaikulu amafunsidwa mafunso. Drone, kandege kojambulira m'mwamba, nayo imafuna chilolezo cha akuluakulu oona za ndege, ndipo pamphepo ya pamwamba pa mapiriwa imapita mosavuta koma kubwerera n'kulimbana ndi mphepo batire likutha.

Usiku womwe umabala nkhungu ya m'dambo uli ndi mphatso inanso. Mu Juni ndi Julayi, mwezi ukakhala mumdima, chigawo chowala kwambiri cha mlalang'amba chimadutsa pafupifupi pamutu penipeni usiku usanafike pakati. Kutali ndi magetsi a pa boma, kamera ili pa tripod, lenzi yotambalala itatsegulidwa pa f/2.8, ISO 3200 ndi masekondi 15 mpaka 20, nyenyezi zimatuluka bwino pamwamba pa miyala. Mukapitirira masekondi amenewa zimayamba kukoka timizere chifukwa dziko likuzungulira. Mame amavuta kwambiri nthawi imeneyi, ndiye muziunika galasi ndi tochi pakapita zithunzi zingapo.

Pokonza zithunzi pali chizolowezi chomwe chimandiwawa. Ambiri amakokera mitundu mpaka udzu wa Julayi kubiriwira ngati wa Febuluwale, thambo n'kukhala lobiriwira mopweteka maso. Dedza wa nyengo yachisanu ndi wofiirira, wotuwa ndi wachikasu, ndipo kubiriwira kwake kuli m'madimba ndi m'paini basi. Kusiyana kumeneku ndiko kumauza woona mwezi womwe chithunzi chinajambulidwa. Ngati kamera yanu imalola, jambulani mu RAW, mtundu wa fayilo wosunga zonse zomwe kamera yaona, kuti mudzathe kubweza kuwala kwa nkhungu ndi mdima wa miyala popanda kuwononga chithunzi, ndipo white balance, yomwe imalinganiza mitundu, muiike pa kuwala kwa dzuwa m'malo moisiya pa auto, yomwe imafufuta kufiira kwa m'bandakucha ndi kubiriwira kozizira kwa m'mithunzi.